Makutu Aulula Chisa cha Namanyazi

Wojambula zithunzi wochokera mumzinda anali atakhala masiku angapo m'nkhalango ya pamwamba pa phiri, koma mbalame imene anadzera anali asanaijambule. Nsapato zake zinali zitanyowa, mphuno ikuchucha, ndipo kamera yake ya mlomo wautali ngati musi inkangomulemetsa phewa. Atatsikira ku kanyumba kogona alendo, anaponya chikwama pabenchi n'kuuza womuperekeza kuti, "Mawa zikakanikanso, ndifuna munthu wina."

Woperekezayo anali bambo wina amene aliyense ankamutcha Makutu, chifukwa ankatha kumva mbalame ikulira kutsidya kwa chigwa n'kutchula mtundu wake asanaione. Ntchito yake inali yotsogolera alendo okonda kuona ndi kujambula mbalame, ndipo banja lake linkadya pantchito imeneyo.

Mbalame imene mlendoyo ankafuna inali ya msana wobiriwira, mimba yofiira ngati magazi ndi mchira wautali. Operekeza alendo ankangoitcha Namanyazi chifukwa imakhala duu m'mthunzi, itafulatira munthu. M'phiri lonselo zinali zitatsala zochepa kwambiri. Makutu ankadziwa pamene ziwiri zinaswera, m'mphako ya mtengo wowola yobisika ndi ziyangoyango, koma lamulo la m'nkhalangomo linkaletsa kufikitsa mlendo pafupi ndi chisa.

Atafika kunyumba anapeza alamu ake, mlongo wa mkazi wake, amene ankayendetsa galimoto yonyamula alendowo. Nkhaniyo anali ataimva kale.

"Alamu, mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero dalaivalayo, akutulutsa kasipika kakang'ono ngati sopo. "Kulira kwa mbalame yanuyo ndili nako pafoni. Mukakaliza pafupi ndi chisa, yaimunayo iganiza kuti kwabwera mnzake kudzalanda mkazi. Ibwera yokha, kuthamanga ngati yaitanidwa ku ukwati."

"Nanga lamulo lija?" anafunsa Makutu.

"Lamulo limakwera phiri? Munthu uyu ali ndi anzake ambiri mumzinda. Akakutamandani, alendo azichita kukulimbirana. Akakunyozani, muzikaperekeza anyani."

Mkazi wa Makutu anali akusita malaya pakhonde. Anaika pansi simbi. "Achimwene, inu tayala likaphulika mumagula lina. Ife mbalamezo ndiye munda wathu. Musawaphunzitse amuna anga kudya mbewu."

"Iwe sita malaya," anatero mlongo wakeyo akuseka. Makutu analandira kulirako pafoni yake, kasipikako n'kukaika m'thumba.

M'mawa anadutsa pa ofesi ya pachipata, pamene pankakhala mayi woyang'anira nkhalango. Mayiyu anaphunzira za mbalame ndipo ndi amene ankapereka ziphaso kwa operekeza alendo. "Bambo Makutu, ino ndi nyengo yoswa," anawakumbutsa. "Muyende m'njira basi. Mlendo akakwiya mum'tumize kwa ine. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Tamva, mayi," anatero Makutu, osawayang'ana kumaso.

Pamwamba panali nkhungu yozizira, mitengo ikudontha ngati ikulira. Makutu anasiya njira n'kulowa m'tchire, wojambulayo akutsatira, mpaka anafika pamtengo wowola uja. Anapachika kasipika panthambi n'kuyatsa.

Sipanatenge nthawi. Namanyazi wamwamuna anatulukira ali ndi mbozi kukamwa, chakudya cha ana ake. Atamva kulirako anaitaya mboziyo, n'kutera poyera, chifuwa chitatukumuka, akuyankha mwaukali mdani amene sankamuona. Kamera inalira mosalekeza.

"Taonani kukongola!" ananong'ona wojambulayo. "Koma chisa chili kuti? Masamba awa akunditchinga."

Makutu anayang'ana mtengowo. Kenako anasolola chikwanje n'kusadza ziyangoyango zonse zimene zinaphimba mphako. Kuwala kunalowa, ndipo timitu tiwiri topanda nthenga tinasuzumira kunja, kukamwa kuli yasa. Wojambulayo anam'gwira Makutu paphewa. "Achimwene, inu ndinu katswiri."

Zithunzizo zinafalikira pa intaneti, ndipo zimene alamu aja ananena zinachitikadi. Mafoni anayamba kulira. Alendo ankabwera akufunsa Makutu ndi dzina, galimoto ya alamu ake ikukwera ndi kutsika. Pachipata ankanena kuti akupita ku mathithi, koma akalowa m'nkhungu ankakhotera ku mtengo uja. Pansi pake panaduka kanjira ka matope. Tsiku lililonse kasipika kankalira, yaimuna ikuuluka uku ndi uku kufunafuna mdani, yaikazi ikuopa kulowa m'mphako chifukwa cha anthu. Makutu ankaona kuti tianato tikulira motsika kusiyana ndi kale, koma ankadziuza kuti tatsala pang'ono kuuluka.

Kenako kunagwa mvula yamphepo, yozizira mpaka m'mafupa, ndipo inatenga masiku osakata. Itakata, mayi woyang'anira nkhalango anamuitanitsa Makutu ku ofesi. Anatembenuza kompyuta n'kumuonetsa chithunzi cha chisa chija. Anakulitsa pakona pamene pankaoneka tsinde lodulidwa mosalala.

"Bambo Makutu, mbalame ilibe chikwanje," anatero. "Tiyeni mukandionetse."

Awiriwo anakwera phiri. Atafika, Makutu anamva fungo asanaone kanthu. Mphako ija inali itadzaza madzi. Kamwana kamodzi kanali kakuyandama m'menemo, katatupa. Kena kanali pansi m'matope, linthumbu litakaphimba. Panthambi ina chapatali panali Namanyazi wamkazi, ali ndi chiwala kukamwa, akuyang'ana mphakoyo.

Makutu anakhala pansi m'matope momwemo.

Mayiwo sanakalipe. Analankhula motsitsa, ngati namwino wouza abale za maliro. "Masamba amene munadula aja ndiwo anali denga ndi chitseko chawo. Ankatchinga mvula, ankabisanso ana kwa akabawi ndi apusi. Sipika nayo ili ndi mlandu wake. Nthawi imene bambo wa ana amalimbana ndi foni yanu ndi nthawi imene anawo amagona ndi njala. Mwana wanjala sapirira kuzizira. Mbalame imeneyi imaswa kamodzi pachaka, ndipo ikazunzika pamalo imasamuka. Kuno kulibe nkhalango ina yapafupi yoti ithawireko."

"Ndimangofuna kuti mlendo asangalale," anatero Makutu.

"Mlendo wapita ndi chithunzi chake. Inu mwatsala ndi chiyani?"

Tsiku lomwelo anam'landa chiphaso, ndipo mbali yonse ya nkhalangoyo inatsekedwa mpaka nyengo yoswa itatha. Operekeza ena, amene sanalakwe kanthu, anakhala manja lende. Akakumana ndi Makutu panjira ankayang'ana kumbali. Mmodzi wa iwo, mkulu amene anam'phunzitsa ntchitoyo, anamuimitsa n'kunena kuti, "Mwana wanga, watidyera tonse."

Makutu anaimbira foni wojambula uja kuti mwina akam'pepesere ku ofesi. Munthuyo anayankha kuti, "Achimwene, ine ndinangojambula. Chikwanje chinali m'manja mwanu." Anadula foni. Alamu ake nawo anabwera kudzatenga kasipika kawo, n'kunena kuti vuto linali kudula masamba, osati kuliza foni. Mkazi wa Makutu anawalozera chitseko mlongo wakeyo, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo anasiya kulonjerana. M'nyumbamo munalowa chete woipa. Mkazi wa Makutu anayamba kuchapira anthu zovala kuti ana adye, manja mpaka kung'aluka ndi madzi ozizira, koma sananenepo kuti "ndinakuuzani". Kusanenako n'kumene kunkamupweteka kwambiri Makutu.

Nkhalango itatsegulidwanso chaka chotsatira, chiphaso chake chinali chisanabwezedwe. Anamulola kugwira ganyu yonyamula katundu wa alendo basi. Ankayenda pambuyo pa gulu, chikwama chitamupinda msana, koma makutu ake ankagwirabe ntchito. Ankamva mbalame zina zonse. Namanyazi yekha ndiye sankamveka.

Tsiku lina akutsika yekha atasiya katundu kumsasa wa pamwamba, anamva kulira kuja kumunsi kwa chigwa. Anaima n'kutchera khutu. Kunamvekanso. Misozi inalengeza m'maso mwake. "Wabwerera," anadziuza. Anavula nsapato n'kuyamba kunyang'ama kutsata mawuwo, akusamala kuti asathyole ngakhale kamtengo.

Atapatula masamba anaona alendo atandandalika, makamera ataloza m'mwamba. Pambali pawo panali alamu ake, manja m'thumba. Panthambi panali palendewera kasipika, kakulira kokha m'nkhalango yopanda woyankha.

Makutu anapita n'kukatsitsa, n'kukazimitsa.

"Alamu, mukutani?" anakalipa dalaivalayo. "Anthuwa akudikira mbalame!"

"Palibe chimene chibwere," anatero Makutu. Anatembenukira kwa alendowo. "Pepani, mabwana. Mbalame imene mukudikirayo kuno kulibenso. Inali ndi chisa kuseri uko, ndipo amene ndinaiphera ana ndine."

Mmodzimmodzi anayamba kutsitsa makamera. Makutu anafumbata kasipikako n'kuyamba kutsika, wopanda nsapato, kulunjika ku ofesi ya pachipata.

Phunziro: Chithunzi chokongola sichiyenera kugulidwa ndi moyo wa chimene chikujambulidwacho. Woperekeza alendo kapena wojambula asayandikire chisa, asadule masamba ochibisa, asalize sipika yoitanira mbalame m'nyengo yoswa, ndiponso asaulule pamene chisa chili. Mlendo wokwiya amapita kwawo n'kuiwala, koma mbalame ikasamuka imapita ndi ntchito ya anthu onse amene amadalira nkhalangoyo.