Thewera Lonyowa pa Sikelo ya Mpunga

Petronella anatichenjeza tonse kuti mwana akakwera sikelo, wina asamuvule chilichonse mpaka titamaliza. Palibe anamva. Ineyo ndinkangoyang'ana manja a apongozi anga.

Anali atabwera kuchokera ku Chelstone ndi chikwama chachikulu ndi ufa wa phala. Ankati mkaka wanga ndi madzi, mwana wanga Mwelwa sakukhuta, ndipo sachoka m'nyumba mwathu mu Kabwata mpaka atayamba kudya. Mwana wa miyezi inayi! Kukiliniki anandiuza kuti bere lokha mpaka miyezi sikisi, koma apongozi ungawayankhe bwanji?

Petronella ndi mng'ono wanga, ali giredi 12, ndipo masiku ano chilichonse amachiona ngati kemisitiri. Anakabwereka sikelo ya manambala kwa ba Warda ogulitsa mpunga kumsika. Anati chinthu sichisowa chokha: chochoka mwa ine chiyenera kupezeka mwa mwana, mbali ziwiri zifanane ngati m'buku mwake. Ndinakumbuka kuti nanenso ndinaziphunzira, ndisanazitaye.

Tinamugoneka Mwelwa m'beseni pa sikelopo. Magalamu 6,200. Ndinamuyamwitsa, apongozi atakhala pafupi ngati oyang'anira mayeso. Ali pabere pomwepo, Mwelwa ananyowetsa thewera lansalu lija. Petronella anali atatuluka kukayankha foni. Apongozi anangondilanda mwanayo, kumuvula, n'kumuika m'beseni ali mbulanda.

6,160.

"Mwaona, amake Mwelwa? Akuyamwa uku akuchepa."

Ndinayamba kuganiza za kapoto kophikira phala.

Petronella atalowa anayang'ana sikelo, kenako pansi. Anatola thewera lija ndi zala ziwiri, mphuno atakwinya.

"Amayi, mwaba mbali imodzi ya samu yanga."

Analiponya m'beseni, kumapazi kwa mwana. Manambala anathamanga n'kuima pa 6,320.

Apongozi anavala magalasi, anachotsera okha ndi pensulo kuseri kwa kalendala, kawiri. Kenako anafunsa ngati magalamu 120 onsewo achokadi mwa ine, wowonda chonchi. Anaseka mpaka kutsokomola, Mwelwa naye n'kugeya.

Madzulo ndinawapeza akupinda zitenje. Anati nkhuku zawo ku Chelstone zilibe wozipatsa madzi, akwera minibasi yoyamba kusanache, mzere usanatalike. Ufa uja anauika pamwamba pa kabati.

"Muusunge mpaka Ogasiti, akakwanitsa miyezi sikisi. Koma sikeloyo mutsuke musanabweze, anthu amadya mpunga."