Mwana wa pa Bedi 6

Zaka khumi ndi zisanu ndagwira unamwino m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, koma bambo wamantha ngati uja sindinamuonepo. Anali wonyamula katundu pa depoti ya mabasi, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, koma kamwana kake ka kilogalamu imodzi ndi theka ankakaopa kukakhudza ngakhale ndi chala.

Mayi wa mwanayo anali chigonere ku wodi ina, bala la opaleshoni litavuta. Mwana wotere amafuna kutentha kwa pachifuwa cha munthu, apo ayi amazizidwa n'kutisiya. Pa kalamba kapamkono pake tinangolembapo kuti Bedi 6.

"Bambo, nanga dzina?" ndinafunsa tsiku lachitatu.

"Lidikire kaye, anesi. Woyamba uja tinamutcha dzina, tizovala tinagula. Sabata sinathe."

Chisoni chinandigwira, inde, koma chisoni sichifunditsa mwana.

"Vulani shati."

"Pompano?"

"Mukuyesa ndikufuna kuonerera ine? Vulani!"

Ndinamuika mwanayo pachifuwa chake n'kumanga ndi nsalu. Munthu wamkulu anauma gwa pampando, thukuta kamukamu. Patapita nthawi anayankhula chapansipansi.

"Mayi akewo amafuna Amosi, dzina la malemu bambo awo. Kaya limatanthauza chiyani."

Ndinafufuza pafoni. "Ndi lachiheberi, lakalekale. Akuti linachokera ku mawu otanthauza kunyamula. Wonyamulidwa."

Anaseka koyamba chibwerereni. "Ine ndanyamulapo simenti, mafiriji, ngakhale bokosi la maliro. Zonsezo ndimakatula."

"Uyu ndiye simutula, wakutsina khutu ndi mnansi."

Sanatuledi. Ankabwera m'mawa uliwonse atasamba mpaka m'zigongono, n'kukhala maola asanu mwana ali pamtima. Tikamuika mwanayo pasikelo, iye ankayang'ana kukhoma. Za dzina sindinafunsenso, ngakhale pakamwa pankandiyabwa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu sikelo inaonetsa kuti kamunthu kawonjezera magalamu zana limodzi. Ndinatchula mokweza dala. Bambo uja anawerenga masiku ndi zala, kenaka anawerenganso.

"Anesi, cholembera muli nacho?"

Analemba yekha pa kalamba kaja, zilembo zopindikapindika. Ndinawaperekeza onse awiri ku wodi ya amayi, ine misozi ili lengelenge, poti nanenso ndine munthu. Atafika pa bedi la mkazi wake anawerama bwinobwino, dzanja lili kumsana kwa mwana.

"Amake Amosi," anatero, "tadzukani, tabwera."