Khomo Lotseka Lachisanu

Pali chinthu chimene Duu anali asanauzepo munthu, ngakhale mchemwali wake wogona naye chipinda chimodzi: ankafuna kukaphunzira zomanga milatho, ku koleji yakutali, ulendo wotopetsa pa basi. Pakhomo pawo ankadziwa zina. Ankati mwanayu alowa koleji ya kuseri kwa msika, aphunzire uphunzitsi, madzulo azidzasokerera mabatani mu shopu ya amayi ake. Dzina loti Duu analipeza chifukwa chongokhala duu anthu akamamukonzera moyo.

Lolemba, aphunzitsi olangiza za makoleji anajambula makomo atatu pa bolodi.

"Ili ndi la ofulumira," anatero. "Yankho limabwera msanga, koma akakutenga, basi walonjeza, supitanso kwina. N'chifukwa chake kholo liyenera kusaina. Likutseka Lachisanu lino. Khomo lachiwirili ndi la aliyense, lidikira miyezi ingapo, koma chinamtindi chake mudzachiona. Lachitatuli lilibe tsiku, limatseka mipando ikadzaza."

"Nanga pawindo, aphunzitsi?" anafunsa wina kumbuyo.

"Pawindo pamalowa akuba ndi iweyo."

Kalasi yonse inafa nalo phwete, kupatula Duu. Koleji ya milatho inkatenga ophunzira ake ambiri pa khomo la ofulumira. Ya kuseri kwa msika inali ya khomo lachitatu, ndiye amayi ankangoti palibe chothamangira.

Vuto la amayi silinali ukali ayi. Linali pakamwa. Munthu ukangoti "Amayi, ndimati...", iwo amalize okha chiganizo chako, ayankhenso okha, kenaka akutume kukagula ulusi. Duu anayesa Lachiwiri, anabwerako ndi ulusi wobiriwira. Lachitatu anatumidwa zipi.

Lachinayi masana anapeza amayi akulimbana ndi diresi la mkwatibwi.

"Eya, wabwera bwino. Msinkhu wako ndi wa mwini wake. Vala, ukwere pampandopo."

Mchemwali wake, amene ankasita malaya pakona, anaseka. "Onani a Duu akwatiwa! Mwamunayo adzavutika, kufunsa 'mwadzuka bwanji' yankho mawa."

"Iwe, sita malaya a eni ake, usawotche kolala," anatero amayi.

Duu atavala n'kukwera pampando, amayi anagwada pansi n'kuyamba kupinda mpendero, mapini atawaluma mkamwa monga mwa chizolowezi chawo. Mu shopu munati zii. Duu anayang'ana pansi, anaona pamutu pa amayi ake, imvi ziwiri zitatu, ndi milomo yotsekedwa ndi mapini. Mpendero ukatha, pakamwa patseguka.

"Amayi, ndimati..."

"Mmm?"

Amayi anadzutsa mutu, anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anachotsa mapini aja limodzilimodzi, n'kuwabaya pa kansalu ka pamkono pawo.

"Sabata yonseyi ukungondizungulira ngati nkhuku yofuna poikira," anatero motsitsa mawu. "Ndakhala chete, mwanangu. Nena."

Anakhaladi chete. Nayo simbi ya mchemwali inaima.

Duu analankhula ali chiimire pampando mu diresi la munthu wina.

"Amayi, uphunzitsi sindikuufuna. Ndikufuna kumanga milatho. Koleji yake ili kutali, khomo lake likutseka mawa, ndipo sindingalowe popanda dzanja lanu."