Chingwe cha Ndodo ya Malemu Rennie

Kachisanu chingwe chinaunjikana pamaso pa Ishbel ngati matumbo a nkhuku. Anali m'madzi ozizira a mtsinje wa Spey, ofika m'chiuno, atagwira ndi manja awiri ndodo yowedzera ya malemu bambo ake, a Rennie, yotalika kuposa anthu awiri. Mchimwene wake Torquil anali atanenetsa kuti ikamukanika, Lamlungu akaipereka kuhotela akaikhome pakhoma, alendo aziiyang'ana akumwa mowa. Zimenezi zinkamuwawa Ishbel.

A Murdo, amene anayang'anira dziwe la mumtsinjewu zaka makumi anayi, anatsetsereka pagombe akutsimphina. Anachigwiragwira chingwecho n'kufunsa amene anamusankhira. Ishbel anavomera kuti anasankha yekha chopepuka kuposa zonse m'sitolo, poganiza kuti mikono ya mayi wa zaka makumi asanu singathe cholemera.

"Safunsa anadya phula," anatero a Murdo. "Chingwe sagulira mikono, iwe, amagulira ndodo. Imeneyi ikapanda kumva kulemera sipindika, ndi mpini wa tsache chabe."

Anamumangirira chingwe chawo chakale, chonenepa, chosuluka. Ishbel anaponya, chinagwanso pafupi. Mkuluyo anamuseka kuti akukankha ndi dzanja lam'mwamba lokha ngati akuwaza nkhuni.

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Lam'munsi likoke, lam'mwamba lingoperekeza."

Ishbel anakweza ndodo pang'onopang'ono n'kuizunguza. Nyambo ya nthenga inangokhudza madzi pambali pake, chingwe chinafufuma kumbuyo kwa phewa, ndipo iye anakoka. Ndodo ija inapindika mpaka pogwirira, anaimva ikudzuka m'manja mwake. Chingwe chinafunyululuka pamwamba pa madzi, chikunkabe, chikunkabe, mpaka kukatera mwakachetechete kufupi ndi tsidya linalo, pamene nsomba za salimoni zimapumira.

Ishbel anangoti kukamwa yasa, mantha ndi chimwemwe pamodzi. Zaka zonse zija iye ndi mayi ake ankadandaula kuti bambo anakwatira mtsinje, osadziwa kuti izi n'zimene bambowo ankamva m'manja.

"A Murdo, ndine ndaponya pamenepa?"

"Ndiwe ndi ndodoyo. Chingwecho khala nacho, phewa langa linatha kale."

Ishbel anaponyanso kawiri kuti atsimikize. Kenako anatuluka m'madzi n'kuimbira foni Torquil.

"Achimwene, auzeni akuhotela apeze china chokhoma pakhoma."