Aphunzitsi Anjuta

Kunyumba ankamutcha Phee, chifukwa ngakhale nkhuku ikalowa m'chipinda ankachita kuipempha kuti ituluke. Atalembedwa ntchito yolondera akaidi, achemwali ake anaseka mpaka misozi. "Iweyo? Akaidiwo azikakutuma madzi akumwa!"

Sabata yoyamba yomweyo mkulu wa alonda anamuitanira mu ofesi. "Ndakumva ukuti 'chonde' kwa mkaidi. Kuno kulibe zimenezo. Mkaidi ndi 'iwe', kaya ali ndi imvi. Ukamusekerera lero, mawa akukwera pamutu."

Phee anaphunzira. Anazolowera kumenya chitseko ndi ndodo m'malo mogogoda, ndiponso kuwerenga anthu atanjuta m'mizere ngati matumba. Pofika mwezi wachisanu mawu ake anali atakula, moti mkazi wake anayamba kumuyankha ataima patali.

Lachiwiri lina m'mawa galimoto inabweretsa akaidi atsopano. Womaliza kutsika anali bambo wachikulire, wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Phee anawazindikira nthawi yomweyo. Anali aphunzitsi ake a masamu, amene ankamukhazika kutsogolo m'kalasi atazindikira kuti khutu lake lakumanzere silimva bwino.

"Mwanawe, ndiwe kodi?" anatero aphunzitsiwo, nkhope ikuwala.

Alonda atatu anatembenuka. Mkulu uja anali pakhomo, manja kumbuyo, akuyang'ana.

Mumtima mwa Phee munali moni waulemu, koma pakamwa panatuluka zina.

"Mwana wako ndani? Vula nsapato! Njuta apo!"

Aphunzitsi anavula nsapato n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, atagwira khoma. "Mawondowa ndi ovuta..."

Phee anawakankha paphewa ndi ndodo. Anagwa chagada, magalasi n'kuthothoka, alonda onse kuseka. Phee nayenso anaseka, kenako anawameta mpala ndi manja ake, imvi zikugwera pa nsapato zake zopolisha. Masana amenewo mkulu uja anamusisita pamsana. "Tsopano wakhwima."

Panapita miyezi iwiri akuwazemba. Tsiku lina anawapeza okha akukolopa m'khonde la kuseri kwa khitchini, ataonda, yunifolomu ikulendewera. Anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "mukupeza bwanji?"

Aphunzitsiwo anasiya chokolopera n'kunjuta msangamsanga, manja pamutu, maso pansi. Mawondo analira.

"Ndili bwino, bwana."

"Dzukani, chonde. Tilipo awiri. Ndine mwana wanu uja."

"Inde, bwana."

Sanadzuke. Phee anadikira, koma aphunzitsi anangonjutabe pomwepo, kudikira lamulo. Kumapeto kwa khonde kunamveka mapazi a mlonda wina akubwera.

Phee anawongola chipewa.

"Ukudikira chiyani, iwe? Kolopa!"

Apo aphunzitsi anadzuka n'kutola chokolopera.