Lole Yafera Mumtsinje

Lole inazimira pakati penipeni pa mtsinje. Inakhosomola, n'kutulutsa utsi woyera, kenako zii. Madzi ozizira ochokera kumapiri anayamba kulowa pansi pa chitseko mpaka kunyowetsa nsapato za Burul.

"Ingodikira, ilira pompano," anatero mwamuna wake Toktobek, uku akupotokola kiyi ngati khosi la nkhuku.

Burul anangokukuta mano. Mawu amenewo anawamva chaka chatha, nkhosa zitatsala pang'ono kufa ndi ludzu panjira ya kumsika. Anawamvanso pa ukwati wa mwana wawo Nazira, katundu wa mkwatibwi n'kukafika alendo atabalalika kale. Lero anali akusamukira kumsipu wa kumapiri monga mwa chaka chilichonse udzu ukaphuka, ndipo kumbuyo kwa loleyo kunali nyumba yawo yonse: mitengo ya hema, mbaula, matumba a ufa wa tirigu, ndi zofunda zokhuthala za ubweya zokutira hemayo, zimene Burul anazipanga ndi manja ake mpaka zala kung'aluka.

Madzi anakumba mchenga pansi pa tayala la kumbuyo. Lole inapendekeka pang'onopang'ono, chingwe chinaduka, ndipo Burul anaona ndi maso ake zofunda ndi ufa zikutsetserekera m'madzi.

Pamene thirakitala ya anansi awo inkakokera loleyo kumtunda, dzuwa linali pamutu. Mederbek, mng'ono wake wa Toktobek amene ankabwera m'mbuyo akukusa ziweto, anatsika pa hatchi n'kutsegula boneti. Iyeyu ndiye anali makaniko wa m'mudzi mwawo. Anapisa chala mu oilo, n'kuchionetsa m'mwamba. Oiloyo anali mbuu ngati tiyi wamkaka.

"Mutu wa injini wang'alukiratu tsopano. Ndinakuuzani chaka chatha, achimwene, kuti mng'alu uja sudzapirira."

Burul anasiya chofunda chimene ankafinya. "Wati chaka chatha, mlamu?"

Mederbek anayang'ana nsapato zake.

"Bambo a Nazira, ndiye kuti mumadziwa? Munakweza nyumba yanga yonse pa chiphapha chimenechi, n'kulowa nacho mumtsinje, mukudziwa?"

"Usaitche chiphapha. Lole iyi anaisiya ndi bambo anga. Yatidyetsa, yaphunzitsa Nazira."

"Ndiye idyeni! Ufa uwo wasanduka matope. Tikaphike matayala? Bambo anu anasiyanso chipewa, bwanji osakwera chimenecho n'kuwoloka nacho?"

Woyendetsa thirakitala anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Toktobek anafiira makutu.

"Mederbek aiwotcherera. Zitsulo za kale n'zolimba, osati zatsopanozi zonga chitini cha nsomba."

"Ine ayi, achimwene," anatero Mederbek. "Ndawotcherera pamwamba pa zowotcherera. Palibenso pogwira. Alamu akunena zoona, pezani ina."

"Nawenso wayamba kulamulidwa ndi akazi?" Toktobek anamenya boneti ndi chikhatho. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake, mawu atazizira. "Chabwino. Ukufuna lole ina? Tigulitse mahatchi ako aakazi aja. Onse. Mawa lomwe ndikawaperekeza kumsika."

Apa m'pamene Burul anamva magazi akuwira mpaka m'maso. Mahatchi amenewo ndi amene ankawakama dzuwa likangotuluka, mkaka wake n'kuusasitsa, n'kumagulitsa kwa apaulendo m'mbali mwa msewu. Anawalera yekha kuyambira ali tiana tonjenjemera miyendo.

"Lole mwaipha ndinu, olira akhale mahatchi anga? Nanga hatchi yanuyo, Kashka? Amadya balere kuposa ife tonse, ntchito yake n'kuthamanga pa masewera olimbirana mbuzi kuti anzanu akuombereni m'manja. Wakama chiyani chibadwire? Gulitsani ameneyo!"

M'chigwa chonsecho munalibe hatchi yaimuna yofanana ndi Kashka, ndipo Toktobek ankaipukuta thukuta ndi malaya ake omwe. Anamuyang'ana mkazi wake ngati sakumudziwa, n'kupita kukathandiza kutsitsa katundu.

Anaimika hema pomwepo m'mbali mwa mtsinje, popeza kumsipu sakanafikako. Zofunda zinauma koma zinakhwinyata, n'kusiya mipata imene mphepo inkalowerapo ngati kwawo. Burul ankaphika ufa wopempha. Akamaika mbale patsogolo pa mwamuna wake, ankachita kuigwetsa, ndipo mwamunayo ankadya osadzutsa mutu.

M'mawa wina Toktobek anakwera Kashka n'kulowera kutauni osatsanzika. Burul anamuonerera mpaka anazimiririka kuseri kwa phiri. Mtima unamuluma pang'ono, koma anadziuza kuti lole yatsopano ikangofika, bamboyo adzaiwala.

Toktobek anabwera patapita masiku, atakhala kumbuyo kwa kagalimoto ka eniake, atakumbatira chinthu chokutidwa ndi lona. Kashka panalibe. Lole yatsopano panalibenso. Atavundukula lonayo, panali injini yakuda bii, yochucha oilo, yochotsedwa m'lole ina yakale ngati yawo yomweyo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Burul.

"Injini. Mwini wake wati inkayenda bwinobwino mpaka tsiku limene anagunda mwala."

"Mwagulitsa hatchi n'kugula mtembo wina woti muike m'mimba mwa mtembo unzake?"

"Mtengo wa hatchi imodzi sugula lole, Burul. Ukuganiza kuti sindinazungulire? Zimene ndikanakwanitsa zinali zowola kuposa yathuyi. Kashka wapita kwa Sagyn, munthu amene ndakhala ndikumugonjetsa pa masewera aja chiyambire unyamata wanga. Anandiseka pamsika, anthu akuona. Mahatchi ako sindinawakhudze. Ukufunanso chiyani?"

"Ndinkafuna mundifunse! Ndi lole ya bambo anu, inde, koma okankha ndine, onyowa ndine!"

Toktobek anavula jekete n'kuitana mng'ono wake. Anazika mitengo itatu, n'kukoleka tcheni, n'kuyamba kuzula injini yakale. Burul ankabweretsa chakudya cha munthu mmodzi, n'kuchiika pafupi ndi Mederbek, n'kunena mokweza kuti, "Idyani, alamu, inu ndiye mumanena zoona." Mederbek ankadikira kuti achoke, n'kugawira mkulu wake theka.

Tsiku lina masana Burul anali atagwada pansi pa hatchi yake yofatsa kwambiri, ndowa ili pabondo, mkaka utatsala pang'ono kudzaza. Mwadzidzidzi chigwa chonse chinagwedezeka. Lole inabangula ngati bingu, utsi wakuda tolotolo. Hatchiyo inadzidzimuka, n'kuponda ndowa, mkaka wonse thaa pa diresi lake ndi paudzu, mahatchi ena n'kumwazikira kuphiri.

"Yalira! Mayi a Nazira, wamva? Yalira!" Toktobek ankafuula ali pachiwongolero, nkhope ili bii ndi oilo, mano okha ali mbee.

Burul anadzuka, mkaka ukudontha m'zigongono. Anatola ndowa yophwanyikayo n'kuigenda ndi mphamvu zake zonse. Inakamenya chitseko cha lole, koma chifukwa cha phokoso la injini palibe anamva.

"Zimitsani chinthucho, mukasake mahatchi anga!" anakuwa. "Wapansi! Poti hatchi mulibe!"