Botolo Loyera la Telala

Anamwino anakokera pansi chikope cha Telala ndi chala, n'kusuzumira m'diso. Kenako anamutembenuza dzanja n'kuliyika pafupi ndi lawo.

"Magazi mwawasiya kunyumba kodi, mayi? Chikhatho chayera mbee. Mapiritsi owonjezera magazi aja mukumwa?"

"Ndinasiya," anatero Telala.

Anayankha ngati mmene amauzira kasitomala kuti ulusi wakuda watha. Anthu a mumsewu wawo ankamutchula Telala chifukwa cha makina osokera amene ankakhala nawo pakhonde. Mimba iyi inali yachiwiri. Yoyamba inapita padera chaka chatha, itakula ngati yomweyi, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zinkangomudutsa. Sankalira, sankaseka. Chakudya chilichonse m'kamwa mwake chinkakhala ngati nsalu. Ankasokera ana a eni ake madiresi ndi makabudula, koma wake wobwerayu sanamudulire ngakhale kachigamba.

Pampando wa pafupi ndi chitseko panakhala apongozi ake, mayi a mwamuna wake, atakumbatira chikwama. Anabwera mwezi wathawo kuti adzathandize, ndipo kuthandizako kwenikweni kunali kumulondera.

"Mwasiyiranji?" anafunsa anamwino.

"Amandimanga m'mimba. Ndimakhala m'chimbudzi mpaka miyendo kuchita dzanzi, osatuluka kanthu. Kukankha ndimaopa." Telala anayang'ana pansi. "Ulendo uja zinayambira komweko."

Anamwino anafunsanso kuti, "Nanga si ndinakupatsani mankhwala oyera aja, a maginiziyamu, oti azifewetsa?"

"Ndimamwa. Sakugwira."

"Mumagwedeza botolo musanathire?"

"Eya."

"Madzi odzadza kapu pambuyo pake?"

"Eya."

"Masamba, zipatso, kuyendako pang'ono?"

"Masamba ndimaphika ine tsiku ndi tsiku," analowerera apongozi. "Nyumba yonse ikununkha ngati kudimba. Mwana wanga wafika podandaula kuti tamusandutsa mbuzi."

"Ndiye pali chimene chikusokonekera penapake," anatero anamwino. "Botololo mwalitenga?"

Telala analitulutsa m'kachikwama kake. Anamwino analigwedeza, n'kuima kumvetsera mmene likulilira m'kati. Atatsegula ndi kununkhiza, anabweza mutu msanga. Anathira pang'ono m'kachivindikiro, ndipo zinatuluka mibulumibulu, pamwamba madzi achikasu.

"Mankhwala awa sasasa, mayi. Uwu ndi mkaka. Mkaka weniweni wa ng'ombe, ndipo unaonongeka kalekale. Mwakhala mukumwa zimenezi osamva?"

"Sindinamve," anatero Telala.

Panja mwana wa wina ankalira pasikelo. Apongozi anayang'anitsitsa chithunzi cha pakhoma chophunzitsa kusamba m'manja, ngati aka n'koyamba kumva kuti manja amasambidwa.

"Ndinataya ine," anatero pomaliza. "Musinki. Ndinathiramo mkaka kuti asadziwe."

"Agogo!" anadabwa anamwino.

"Musanditi agogo, sindinakhalebe agogo ayi. Ndi zimenezo ndikulimbana nazo." Anakhazika bwino chikwama pamiyendo. "Ndinalipeza m'dirowa ya makina, pansi pa ulusi. Chinthu chabwino amachibisa pansi pa ulusi? Ndinamufunsa mwana wanga, akuti n'zotsegula m'mimba. Ine ndinakula ndikuona atsikana akumwa zotsegula m'mimba akafuna kuti pakati pachoke. Sindikunena kuti iwowa amafuna zimenezo. Koma munthu wosaseka, wosalira, telala wathunthu wosasoka ngakhale kachipewa ka mwana wake, ndidziwa bwanji zili mumtima mwake?"

Telala anafufuza mkwiyo m'chifuwa mwake monga amafufuzira singano yogwa, koma sanaupeze.

"Ndinabisa chifukwa ndinadziwa kuti mukaona mutaya," anatero.

"Ine ndinataya chifukwa munabisa."

Anamwino anapukusa mutu. "Nonse mwakhoza mayeso, koma amene walephera ndi mwana. Tamverani, amayi. Zimene ankamwa atsikana anuwo n'zina, zamphamvu, zopotokola m'mimba, ndipo zimenezo sindingapatse munthu woyembekezera. Izi ntchito yake ndi kukokera madzi m'matumbo kuti chimbudzi chifewe, munthu asamachite kukankha. Zochepa zimene zimalowa m'thupi, impso zimachotsa. N'chifukwa chake ndinayamba ndafunsa ngati impso zawo zili bwino ndisanawapatse. Chikundiopsa ine si botolo. Ndi chikhatho ichi. Tsiku lobereka munthu amataya magazi. Nanga amene alibe ataya chiyani?"

Apongozi anayang'ana dzanja la Telala.

Anamwino anaponya botolo lakale m'bini, n'kutulutsa lina m'kabati. Anasonyeza mzere wa pakachivindikiro. "Mpaka apa basi, osapyola. Madzi odzadza kapu. Izi muzimwa madzulo, piritsi la magazi m'mawa, zisakumane, chifukwa zikakumana piritsilo silithandiza bwino. Ndi za masiku ochepa, si tiyi. Zikangofewa, musiye. Mukatsegula m'mimba, kapena mukupotokola, kapena mwaona magazi, musiye mubwere nthawi yomweyo. Ndipo zogula nokha pagolosale ayi."

Anatambasula dzanja kuti apereke botolo kwa Telala. Telala sanalandire.

"Apatseni iwowo," anatero. "Azisunga ndi iwo, azithira ndi iwo. Ine kubisa ndatopa nako."

Apongozi analandira ndi manja awiri. Sanaliyike m'chikwama. Analinyamula choncho njira yonse, mubasi momwemo, ngati kamwana kankhuku.

Madzulo dzuwa lisanalowe, Telala anali pamakina, akupinda m'munsi mwa diresi la mwana wa eni. Apongozi anatuluka ndi botolo ndi kapu ya madzi. Anagwedeza botololo nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Anathira m'kachivindikiro, n'kukakweza poyera, diso limodzi atatsinzina. Anabwezera pang'ono m'botolo, kenako anawonjezanso dontho.

"Anati mpaka pamzere," anatero. "Taonani ndinu, maso angawa ndi akale."

"Pafika."

Telala anamwa. Nkhope yake inakwinyika, ndipo anafulumira kutenga madzi.

"N'zoipa bwanji! Ngati ndatafuna choko."

Apongozi anamuyang'ana. Chibwerere m'nyumbamo, anali asanamumvepo akudandaula ndi kakomedwe ka chinthu.

"Bola mkaka wanga uja, eti?"

"Mkaka wanu uja sindinaumve n'komwe."

"Malizani madziwo. Anati odzadza."

Telala anamaliza, n'kubwezera phazi pamakina. Apongozi anakoka mpando n'kukhala pafupi naye, botolo lili pamiyendo, manja onse ali pachivindikiro. Patapita kanthawi anadzuka, nalowa m'nyumba. Telala anamva akutsegula kabati. Atalowa iye kukayatsa magetsi, anapeza piritsi limodzi lofiira la m'mawa lili kale pakambale, pakati pa tebulo, poonekera aliyense.